Mmene mungapangire app yophunzitsa Physics ya ku sekondale, kuchokera pa pepala mpaka m'foni ya mwana

Ana ambiri a Fomu 4 angathe kukulemberani s = ut + ½at² osaphonya ngakhale chilembo chimodzi. Koma afunseni kuti mukagwetsa njerwa ndi kamwala nthawi imodzi kuchokera padenga, chiyambe kufika pansi ndi chiti. Ambiri anena kuti njerwa, ndipo anena motsimikiza, mwinanso n'kukudabwani kuti mukufunsiranji zodziwikiratu. Fomula analoweza, koma maganizo amene anabwera nawo kuchokera kunyumba akadali pomwepo. App ya Physics yoyenera kuivutikira ndi imene imalimbana ndi maganizo oterewa. Manotsi ali kale m'mabuku ndi m'ma PDF amene akuzungulira m'magulupu a WhatsApp, ndipo kuwakopera m'foni n'kuwaikira batani la buluu sikuwonjezera kanthu.

Malangizo awa ndalembera anthu awiri: mphunzitsi wa Physics amene sanalembepo code, ndi wachinyamata wodziwa code amene Physics anaisiya m'chipinda cha mayeso a MSCE. Mukapezana awirinu ntchito imayenda msanga. Ngakhale muli nokha n'zotheka, bola muchepetse zofuna.

Poyamba: mutu umodzi basi

Tengani silabasi ya Physics ya ku sekondale, ija imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pamodzi ndi mapepala a mayeso akale a MANEB. Onetsetsani kuti ndi ya masiku ano, chifukwa kale phunziroli linkaphatikizidwa ndi Chemistry n'kumatchedwa Physical Science, ndipo manotsi a nthawi imeneyo akadali m'manja mwa anthu. Mitu ndi yambiri: kayendedwe ka zinthu, malamulo a Newton, pressure, magetsi, maginito, mafunde, kuwala, za nyukiliya. Mtima ukuuzani kuti muike zonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mukayamba ndi silabasi yonse mudzatha chaka mukutaipa manotsi, app osatuluka.

Posankha mutuwo, funsani aphunzitsi angapo kuti ndi pati pamene ana amalakwitsa chaka ndi chaka ngakhale awafotokozere motani. Mudzamva zofanana. Ana amakhulupirira kuti cholemera chimagwa msanga. Amati chinthu chikamayenda ndiye kuti pali chimene chikuchikankha. Amati current imatha ikamadutsa m'babu, moti babu lachiwiri limangolandira zotsalira. Si ana a kuno okha. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake ku America anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, amene mayankho ake olakwika anawatenga m'maganizo enieni a ophunzira, ndipo mayesowo anaonetsa poyera kuti munthu angathe kukhoza masamu a Physics koma maganizo akalewo ali chikhalire.

Mutuwo ukhalenso wa chinthu chimene choko ndi bolodi zimalephera kuonetsa. Mwala wogwa kuchokera pa mamita 5 umafika pansi m'sekondi imodzi, diso lisanaone kanthu. Foni ingathe kuuchedwetsa, kuubwereza, kuuchotsera mpweya, ngakhale kuusamutsira kumwezi. N'chifukwa chake chitsanzo chathu pano chikhala kugwa kwa zinthu. Lembani cholinga m'chiganizo chimodzi, muchimate pakhoma: mwana akamaliza athe kulosera ndi kufotokoza chifukwa chimene njerwa ndi kamwala zimafikira pamodzi pamene pepala limachedwa. Chilichonse chosathandiza chiganizo chimenechi chidikire.

Foni imene app ikakhalemo

Foni yanu musaikhulupirire. Munthu wopanga app nthawi zambiri amakhala ndi foni yabwinoko kuposa ya ana amene akuwapangira. Bwerekani kapena gulani itel kapena Tecno yotsika mtengo, ya RAM ya 1 GB kapena 2 GB, galasi lake long'aluka pakona, mkati mwake mutadzaza zithunzi za chinkhoswe ndi nyimbo za kwaya. Imeneyo ndiyo foni ya mayi ake a mwana, imene amabwereka madzulo kwa kanthawi. Masukulu ambiri salola ana kubwera ndi foni, choncho app yanu idzatsegulidwa kunyumba, apo ayi m'kalasi pa foni ya aphunzitsi ana angapo ataizungulira mitu itagundana.

Zimenezi zikukuuzani kale mmene app iyenera kukhalira. Igwire ntchito popanda intaneti kuyambira tsiku loyamba, chifukwa bandulo imene makolo agula si ya Physics. Isapemphe akaunti, imelo kapena nambala ya foni. Ikhale yopepuka; ine ndimati isapitirire 10 MB, kuti idutse pa Bluetooth munthu asanatope. Mavidiyo asiyeni, pakuti kavidiyo ka mphindi zochepa kangathe kulemera kuposa app yonse, pamene chithunzi choyenda chojambulidwa ndi code sichilemera kanthu. Phunziro lililonse lizitha m'mphindi zisanu kapena khumi, ndipo app izikumbukira pamene mwana anasiyira, chifukwa foni ikalira amalandidwa pompo. Mabatani akhale aakulu, osachepera 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini) monga mmene malangizo a Android amanenera, ndipo zilembo zikhale zakuda pa malo oyera, zowerengeka ngakhale pansi pa mtengo dzuwa lili paliwombo.

Onani za anzanu, kenaka musankhe chida

Musanalembe mzere ngakhale umodzi, khalani madzulo awiri kapena atatu mukusewera ndi zimene zilipo kale. PhET inayambitsidwa mu 2002 ku University of Colorado Boulder ndi Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Ili ndi zoyeserera za Physics zambiri zaulere, kutanthauza zithunzi zoyenda zimene mwana amasintha yekha kuti aone chochitika, ndipo zimene zili mu HTML5 mungathe kuzikopera ngati fayilo imodzi n'kumazitsegula popanda intaneti. Palinso phyphox ya ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imene imasandutsa foni kukhala chipangizo choyezera pogwiritsa ntchito ma sensor ake. Mukaona kuti chimene mumafuna chilipo kale, musakhumudwe. Mwina ntchito yanu ndi kulemba mafunso ndi kufotokoza m'njira yogwirizana ndi silabasi yathu, n'kumutumiza mwana ku zoyesererazo. Mukafuna kuika za ena mkati mwa app yanu, werengani kaye laisensi yake ndipo muwatchule eni ake.

Ngati simunalembepo code, tengani MIT App Inventor. Ndi yaulere, imagwira ntchito mu browser ya pa kompyuta, ndipo m'malo molemba mumalumikiza timabuloko. Mukaika MIT AI2 Companion m'foni, chimene mwasintha pa kompyuta chimaoneka m'foni nthawi yomweyo. Pomanga pamafunika intaneti, koma app ikatuluka siifunanso. Ena amainyoza kuti ndi ya ana. Asiyeni anyoze, pa ntchito ya mutu umodzi ndi yokwanira.

Wodziwa code ali ndi njira zingapo. HTML ndi JavaScript, chithunzi chikujambulidwa pa canvas, n'kuzikulunga mu WebView, zimatulutsa app yopepuka imene imatsegukanso pa kompyuta za kusukulu. Flutter ndi yabwino ngati mukuganiza zodzafikanso pa iPhone, ngakhale fayilo yake imalemererako. Kotlin ndi Android Studio zimakupatsani ufulu wonse, koma Android Studio imafuna laputopu ya RAM yosachepera 8 GB, ndipo pa laputopu yofooka mudzakalamba mukudikira. Sankhani chimene mukuchidziwa kale. Mwana sadzafunsa kuti munagwiritsa ntchito chiyani.

Jambulani pa pepala

Dulani mapepala asanu a msinkhu wa foni, mujambulepo ndi pensulo. Pepala loyamba ndi funso, osati malonje kapena mbiri ya Newton: njerwa ndi kamwala zili padenga, chiyambe kufika ndi chiti? Mwana asathe kupitirira asanasankhe. Lachiwiri limufunsa chifukwa chake, n'kumupatsa zifukwa zitatu kapena zinayi zimene ana amanenadi. Lachitatu ndi pamene zinthu zikugwa iye akuona. Lachinayi likumukumbutsa zimene analosera pambali pa zimene zachitika, n'kufotokoza mwachidule. Lachisanu ndi mafunso a manambala.

Dongosolo limeneli musalisinthe. Mwana amene waona zinthu zikugwa asanalosere amangoti "ndimadziwa kale" n'kudutsa, maganizo ake osakhudzidwa. Amene walosera n'kulakwa amaima, amabwereza, mwinanso kukangana ndi foni. Pamenepo ndi pamene kuphunzira kumayambira.

Mapepalawo mupatseni mwana mmodzi adine ndi chala, inu muzisintha mapepala ngati ndinu foni. Pamene wasokonezeka, fufutani mujambulenso. Kufufuta pensulo n'kosavuta kuyerekeza ndi kumasula mabuloko makumi asanu.

Kugwetsa mwala m'foni

Apa ndiye pamtima pa ntchito, ndipo ndi pamene ma app ambiri amanamiza ana mosadziwa. Chithunzi chikamayenda mokongola anthu amaiwala kufunsa ngati chikuyenda molondola.

Mu App Inventor ikani Canvas (malo ojambulirapo), Ball ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono, Clock (kawotchi kamene kamagunda mobwerezabwereza), batani loyambira, ndi ma Label oonetsa nthawi, liwiro ndi mtunda. Yambani ndi sikelo. Tinene kuti Canvas ndi yotalika ma pixel 400 ndipo ikuimira mamita 20. Ndiye kuti mita imodzi ndi ma pixel 20. Masamu onse achitike m'mamita ndi masekondi, ndipo muzisandutsa kukhala ma pixel pamapeto pokha, pojambula. Mukasakaniza ziwirizi, tsiku limene mudzasinthe kukula kwa Canvas Physics yanu idzasinthanso. Kumbukiraninso kuti pa sikirini y amakula mukamatsika pansi. Pa chinthu chogwa zimenezi zimakukomerani, koma mukadzawonjezera mwala woponyedwa m'mwamba, apa ndi pamene plus ndi minus zimasokonekera.

Sankhani g, acceleration ya chinthu chogwa, ndipo muilembe poonekera. M'mafunso ambiri a kusukulu timatenga 10 m/s², pamene yoyezedwa ndi pafupifupi 9.8 m/s². Yambani ndi 10 kuti manambala a m'foni afanane ndi a m'kope la mwana.

Tsopano nthawi. Clock mungaiuze kuti izigunda pa ma millisecond 20 aliwonse, koma foni yotchipa ikatanganidwa imachedwa, ndipo mwala wanu udzagwa mosiyana pa mafoni awiri. Choncho musawerenge kuti yagunda kangati. Mwana akadina batani, sungani SystemTime ya nthawi imeneyo, kutanthauza wotchi ya foni m'ma millisecond. Clock ikagunda, chotserani nthawi yosungidwayo pa nthawi yatsopano, gawani ndi 1000, mwapeza t m'masekondi. Kenaka s = ½gt², v = gt, ndipo Ball muiike pa s kuchulukitsa ndi 20. Mukafuna kuchedwetsa, chulukitsani t ndi 0.25 musanawerengere, koma wotchi ya pa sikirini izionetsa nthawi ya mwalawo, osati ya mwana woonerayo.

Ambiri odziwa code amathamangira njira ina: pa kugunda kulikonse amawonjezera g × dt ku liwiro, kenaka v × dt ku mtunda, dt kukhala kanthawi ka sitepe imodzi. Njira imeneyi imatchedwa ya Euler, ndipo ili ndi malo ake, koma imaphonya. Yesani nokha: g ndi 10, dt ndi 0.02, masitepe 50. Pakutha sekondi imodzi mupeza mamita 5.1 m'malo mwa 5.0. Mwana amene wawerengera bwino m'kope n'kupeza 5 adzaganiza kuti wolakwa ndi iye. Pamene fomula yeniyeni ilipo, gwiritsani ntchito fomulayo.

Mukamaliza, yesani ndi manambala amene mukuwadziwa pamtima. Mamita 5 ndi sekondi imodzi, mamita 20 ndi masekondi awiri, ndipo pofika pansi liwiro likhale 20 m/s. Zikapanda kutero musapitirire.

Wonjezerani kanthu kamodzi kamene kamaphunzitsa kuposa ndime zitatu za mawu: pa theka lililonse la sekondi mwala uzisiya kadontho pamene wadutsa. Madonthowo agwera pa mamita 1.25, 5, 11.25 ndi 20. Mipata yake ndi 1.25, 3.75, 6.25 ndi 8.75, kutanthauza 1, 3, 5, 7, manambala amene Galileo anawapeza pogubuduza timipira pa thabwa lopendekeka. Mwana akaona mipata ikutalikirana, acceleration yasiya kukhala liwu loloweza.

Kenaka mpweya. Ngati app yanu ingoonetsa kuti zonse zimagwa mofanana, mwana adzatuluka panja, kugwetsa pepala ndi mwala, n'kuona kuti foni yanama. Ikani batani loyatsa ndi kuzimitsa mpweya. Ukayatsidwa, a = g − kv²/m, pamene m ndi mass ndipo k ndi nambala yoimira mmene mpweya ukuchedwetsera chinthucho; apa njira ya masitepe ija ndi yololedwa, bola dt ikhale yaing'ono ndithu ndipo isamasinthe; pa kugunda kumodzi kwa Clock muziwerengera masitepe angapo mpaka mufike pa nthawi yeniyeni. Poyesa, kumbukirani kuti terminal velocity, liwiro limene chinthu chogwa mumpweya chimafika n'kusiya kuwonjezera, ndi √(mg/k). Mukaika m = 1 ndi k = 0.1, liwiro liyandikire 10 m/s n'kuima pamenepo. Mukaika m = 0.1, liime pafupi ndi 3.2 m/s. Likapitirira kapena kuyamba kudumphadumpha, dt yanu yakula.

Batani lomaliza ndi la kumwezi, kumene g ndi pafupifupi 1.6 m/s² ndipo kulibe mpweya. Mamita 20 omwe aja kumeneko amatenga masekondi 5. Mu 1971 David Scott wa mu Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ali pamwezi, ndipo zinafika pansi pamodzi. Ziganizo ziwiri zimenezi n'zokwanira, musaikepo vidiyo. Pa slider ndi mabatani, zitatu zakwana: mass, kutalika, ndi malo (padziko pali mpweya kapena palibe, kapena kumwezi). Mukaika khumi mwana amangosewera nazo osafunsa funso lililonse.

Mafunso, ndi chilankhulo chake

Funso labwino limadziwika ndi mayankho ake olakwika. Tengani ili: mwala wagwetsedwa kuchokera pa mlatho wotalika mamita 20, g ndi 10 m/s², utenga nthawi yaitali bwanji? Yankho ndi masekondi 2. Olakwikawo musangowatola. Ikani 4, amene amapeza mwana woiwala square root. Ikani 1.4, wa amene wataya ½. Ikani 0.5, wa amene wangogawa 10 ndi 20 poti manambala alipo awiri. Tsopano yankho lililonse likhale ndi uthenga wakewake. Wosankha 4 asauzidwe kuti "walakwa, yesanso". Auzidwe kuti: "Wafika pa t² = 4, ndipo mpaka apa uli bwino. Nanga t yekha?" Kulemba mauthenga amenewa kumatenga nthawi kuposa code yonse, ndipo ndi ntchito ya mphunzitsi amene wachonga makope ambiri, osati ya wopanga app.

Mafunso muwasunge mu fayilo yapadera, ya CSV kapena JSON, kuti mphunzitsi athe kuwakonza pa spreadsheet osakhudza code. Mukafuna kuti manambala azisintha, musalole foni kusankha iliyonse. Ipatseni 5, 20, 45 ndi 80, imene imatulutsa masekondi 1, 2, 3 ndi 4, kuti mwana wopanda calculator asatsekeredwe kunja. Ma unit asasowe paliponse. Ndipo mafunsowo lembani anu. Kujambula masamba a buku la wina kapena kukopera mapepala a mayeso mmene alili n'kuphwanya lamulo la kukopera, Copyright Act ya 2016, ngakhale app ikhale yaulere.

Mayeso a Physics a MSCE amalembedwa m'Chingerezi, choncho mafunso akhale m'Chingerezi, koma ikani batani lofotokoza m'Chichewa. Apa samalani. Force, energy ndi power tonse timangoti mphamvu, ndipo mass ndi weight timati kulemera, pamene Physics yonse ya mutuwu yagona pa kusiyanitsa zimenezi. Mayinawo asiyeni m'Chingerezi, Chichewa chigwire ntchito yofotokoza: njerwa imakokedwa ndi dziko kwambiri kuposa kamwala, inde, koma ndi yovutanso kuisuntha mofanana ndi mmene ikukokedwera, ndiye ziwirizi zimathetsana. Mwana akamva zimenezo m'chilankhulo chimene amaganizira, a = F/m imakhala ndi tanthauzo.

Mutulutseni mwana m'foni

Masukulu ambiri a CDSS alibe labotale yokwanira, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti app ilowa m'malo mwake. Siingalowe. Chimene ingachite ndi kumutuma mwana. Pakati pa phunziro iime n'kunena kuti: tenga mapepala awiri ofanana, limodzi ulikwinye, uwagwetse pamodzi. Kenaka ika pepala losakwinya pamwamba pa buku lalikulu kuposa pepalalo, ugwetse bukulo. Pepala lija linkachedwa litsika limodzi ndi buku, chifukwa buku lalitchingira mpweya. Abwere adine zimene waona.

Ikaninso stopwatch m'app momwemo. Chingwe cha mita imodzi, kamwala kumapeto, kumangirira pa nthambi kapena pa phaso la denga. Akankhe pang'ono, awerenge maulendo 20 opita ndi kubwera. Apeza masekondi pafupifupi 40, ndiye kuti T, nthawi ya ulendo umodzi, ndi masekondi 2.0. App imuthandize kuika mu g = 4π²L/T², L kukhala kutalika kwa chingwe, ndipo atulutsa nambala yoyandikira 9.8 ndi manja ake, ndi mwala wa pabwalo pawo.

Accelerometer, sensor ya m'foni yoyeza acceleration, ndi yokopa: foni ikagona patebulo imawerenga pafupifupi 9.8, ikamagwa imatsikira kufupi ndi ziro. Koma kuuza mwana kuti agwetse foni ya mayi ake, ngakhale pa matiresi, n'kuputa mlandu. Zimenezo asonyeze aphunzitsi okha. Dziwaninso kuti mafoni ambiri otchipa alibe gyroscope, barometer kapena kampasi, choncho app iyambe yafunsa ngati sensor ilipo, ndipo ikasowa phunziro lipitirire.

Kuyesa ndi ana enieni

Pemphani chilolezo kwa ahedi, ndipo makolo adziwe. Tengani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, atsikana ndi anyamata, osati anzeru okhaokha amene aphunzitsi angakonde kukupatsani. Mpatseni mwana foni yotchipa ija, muike pa flight mode, mukhale pambali, mutseke pakamwa. Kutseka pakamwako ndiye kovuta. Mwana akasochera dzanja lanu lidzafuna kuloza batani; ligwireni, lembani pamene wasochera. Musamufunse ngati app yamusangalatsa, chifukwa mwana wa ulemu adzati "eya, ndi yabwino" ngakhale sanamve kanthu. Mufunseni kuti afotokozere mnzake chifukwa chimene pepala lachedwera, inu mumvetsere.

Kuti mudziwe ngati yaphunzitsadi, konzani mafunso asanu a pa pepala, ana ayankhe asanaone app. Pakatha masabata awiri afunseninso mafunso ofanana nawo koma a zinthu zina, monga papaya ndi bwemba kugwa mumtengo. Kufunsa tsiku lomwelo kumangoyeza kukumbukira. Ngati maganizo akale abwerera, vuto nthawi zambiri lili pa pepala lachinayi lija, pofotokoza.

Mphunzitsi wina wa Physics, amene sanakhale nawo popanga, adutse m'funso lililonse ndi cholembera chofiira. Mayina a ana musasunge. Zimene mwana wakhoza zikhale m'foni momwemo, mu chosungira ngati TinyDB kapena SQLite. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo njira yosavuta yosalakwira lamulo pa nkhani ya ana ndi kusatolera chilichonse. App isapemphe kuona zithunzi, manambala a anthu kapena malo amene foni ili. Onaninso kuti Clock ikuima mwana akachoka pa chithunzi choyenda, apo ayi batire lizitha msanga ndipo eni foni adzaichotsa app tsiku lomwelo.

Kuifikitsa kwa anthu

Tulutsani fayilo ya APK, yoikira app m'foni ya Android. Imeneyi imayenda pa WhatsApp, Bluetooth, Xender ndi pa memory card, ndipo kwa ana ambiri njira yake ndi imeneyi. Foni idzachenjeza kuti app yachokera kosadziwika, choncho tumizani limodzi ndi kachithunzi koonetsa pamene adine kuti alole. Yambirani kwa aphunzitsi: m'magulupu awo a WhatsApp, pa misonkhano ya cluster, pa maphunziro a SMASSE a aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Muwapatsenso tsamba limodzi lonena mmene angaigwiritsire ntchito m'piriyodi ya mphindi 40 ndi foni imodzi: kalasi yonse ilosere pokweza manja, alembe chiwerengero pabolodi, kenaka magulu azibwera kudzaona.

Google Play ingadikire. Kulembetsa ngati wopanga ma app ndi madola 25 kamodzi kokha, amafuna fayilo ya mtundu wa AAB osati APK, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha imayenera kuyamba yayesetsa app kwa gulu la anthu kwa masiku 14 isanaloledwe kutuluka poyera. Ubwino wake ndi woti zosintha zimafika zokha m'mafoni, pamene APK yoyenda pamanja imasiya makope akale ali mbwee. Pa chifukwa chimenechi, lembani nambala ya version ndi deti pa sikirini yoyamba, kuti mphunzitsi wa ku Chitipa akakuimbirani kuti funso lachitatu lili ndi vuto, mudziwe ngati ndi limene munakonza kale.

Nthawi iliyonse mukatulutsa yatsopano, kwezani VersionCode, nambala imene foni imadziwira kuti iyi ndi yatsopano. Ndipo sungani keystore, kafayilo kamene kamasainira app yanu. Mu App Inventor muli posankha Export keystore. Muikeni pa flash, pa imelo yanu, ndi kwa munthu wina wodalirika. Kakatayika, APK yatsopano idzakana kulowa pamwamba pa yakale, ndipo mwana aliyense adzayenera kuchotsa yakaleyo pamodzi ndi zonse zimene anakhoza. Mutu wachiwiri, kaya ndi ma circuit kaya mafunde, muuyambe pokhapokha mafunso a masabata awiri aja ataonetsa kuti woyambawu wagwira.